Lachiwiri, 16 September 2025: mzere wa ku Area 25 ndi mzere wa kwathu

Lero ndi tsiku la chisankho. Ndinafika pasukulu ya pulayimale pomwe tidalembetsera kuvota, kuno ku Area 25, kusanayere bwino, koma ndinapeza mzere utafika kale pamtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi ya ahedi. Kutsogolo kunali amayi okhaokha, ana kumbuyo, chitenje china atafunda chifukwa cha kamphepo ka m'mawa. Panali alonda amene anachokera ku ntchito ya usiku osadzera kunyumba, njinga zawo atazitsamiritsa pakhoma la kalasi. Agogo ena aamuna anabwera ndi kampando kawo, koma sanakagwiritse ntchito nthawi yaitali, chifukwa okalamba ndi amayi oyembekezera anawaitanira kutsogolo. Asanayambe, oyendetsa chisankho anaonetsa mabokosi onse atatu kwa mamonita a zipani kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.

Kuvota kwenikweniko sikunachedwe. Akapeza dzina lako m'kaundula ndi kukupaka inki pachala, umalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. La pulezidenti linali lalitali, la anthu 17, moti amayi amene anali patsogolo panga analipinda kangapo kuti lilowe m'bokosi.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe usiku uno ndi nkhani ya pamzere. Mzere wa mu Lilongwe ndi Malawi yense. Kumbuyo kwanga kunali banja lina likuyankhulana m'Chitumbuka, pambali panga bambo wina wogulitsa mapulanga amene anati kwawo ndi ku Mulanje, ndipo patsogolo pang'ono anyamata awiri amasekana m'Chiyao. Palibe anatchula amene amuvotere. Tinkangodandaulirana za mafuta agalimoto, za anthu ogona pamizere ya petulo, za shuga, za mtengo wa ndowa ya chimanga kumsika wa Nsungwi. Kenako mnyamata wina wovala bwino, foni kumanja, anati: "Ife kuno tivota mwanzeru, koma akumudzi ndi amene atiwonongere. Amangoona kuti munthuyu kwawo n'kuti, basi."

Mayi wina wachikulire, amene ndimawaona akugulitsa makala pafupi ndi chigayo, anatembenuka. "Achimwene, inuyo mudabadwira pa tala? Ufa umene mwadya dzulo udalimidwa ku Area 47?" Anthu anaseka, mnyamata uja n'kuweramira pafoni yake. Ine sindinaseke, chifukwa amayi anga ali kumudzi kufupi ndi Nsaru, ndipo mawu amenewo akunena iwo.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere kwambiri. Tauni inali zii. Mashopu ambiri anali otseka, minibasi zinali apo ndi apo, ndipo amene amaoneka pamsewu ndi akabaza ndi ana osewera mpira m'fumbi. Cha m'ma 1 koloko ndinadutsanso pasukulu paja popita kukagula tomato. Mzere unali utatheratu. Amabwera mmodzimmodzi, wapolisi ali khale pamthunzi. Mwina ambiri anavota m'mawa ngati ine, koma pobwerera ndinayamba kuyang'ana zala za anthu a pa poloti yathu, ndipo mtima unandiwawa. Mwana wa alandilodi, amene amakangana za ndale pa Facebook usiku wonse, sadalembetse n'komwe. Akuti onse n'chimodzimodzi. Wakabaza amene amachita lendi kuseri anati lero ndiye tsiku la makasitomala popeza minibasi kulibe, ndipo akaima pamzere ana agona ndi njala. Sindingamuweruze. Aneba anga a chipinda chakumapeto nkhani yawo ndi ina: nthawi ya kalembera adali kwawo ku Ntcheu kudwazika matenda, n'kulembetsa komweko, ndipo voti umaponya komwe udalembetsa pokhapokha utasamutsa dzina nthawi yake. Thiransipoti yopita ndi kubwera, m'masiku ano a mafuta osowa, yawakanika. Anakhala pakhonde tsiku lonse wailesi ili pakhutu, akusenda mtedza, ndipo amandifunsa mobwerezabwereza kuti pepala la pulezidenti limaoneka bwanji.

Achimwene anga iwo adanyamuka Lamlungu kupita kumudzi. Ali ndi zaka zambiri mu Lilongwe, amagwira ntchito ku Kanengo, koma dzina lawo sadalichotse kwathu. Amati phungu wa kumudzi ndi amene amamudziwa, ndipo mlatho wa pa dambo ukakokoloka ndi mayi awo amene amavutika. Anthu otere ndi ambiri kuno. Ndiye tikamawerenga kuti awa ndi mavoti a m'tauni, awo ndi a kumudzi, tizikumbukira kuti ena mwa mavoti a kumudziwo akwera minibasi kuchokera ku Chinsapo, ku Kawale ndi ku Mtandire. Ngakhale akuluakulu omwe amavotera kwawo: a Lazarus Chakwera ku Malembo kuno ku Lilongwe, a Peter Mutharika kwa Goliati ku Thyolo.

Masana ndinaimbira amayi. Anati adanyamuka tambala woyamba atangolira, gulu la azimayi a m'mudzi mwathu pamodzi, ulendo wapansi kupita kusukulu ya kutsidya kwa dambo. Pamene ndimawaimbira anali atabwerako kale, koma anati anthu adakali pamzere. "Kuno satsala munthu, mwanawe," anatero. "Amfumu adakumbutsa pamaliro sabata yatha, kutchalitchinso adalengeza. Ukapita ku mjigo wopanda inki pachala, anzako akufunsa ngati ukudwala." Ndinawafunsa mosamala ngati wina anawauza wovotera. Anakwiya pang'ono. "Amfumu alowa nane m'kachipinda kovotera? Ine ndikudziwa chaka chimene ndidalandira feteleza ndi chaka chimene dzina langa lidasowa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Apa ndiye pagona nkhani, mmene ndikuonera ine. Munthu wa kumudzi samavota mwaumbuli. Boma amaliona ndi maso, pafupi kuposa ife. Pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, thumba la feteleza limagulidwa pa K4,495. Kenako lidafika pa K7,500, n'kudzafika pa K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chidatsika kwambiri. Amayi anga manambala amenewa ali nawo m'mutu kuposa mnyamata wa foni uja. Amadziwa ngati ADMARC idatsegula msika chaka chino, ngati pachipatala chaching'ono pali mankhwala a malungo, ngati phungu adaonekera mwana wa amfumu atamwalira. Ife m'tauni boma timaliona pa mtengo wa zinthu: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, tidalimva pa lendi, pa sopo ndi pa mafuta ophikira. Koma bambo wina potuluka m'kalasi muja anavomera poyera kuti pa pepala la makhansala sanazindikire nkhope ngakhale imodzi, anangochonga chizindikiro cha chipani. Kumudzi khansala amamudziwa ndi dzina, ndi amalume ake omwe.

Komanso mavoti ali kumudziko. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Mzinda wa Lilongwe, waukulu kuposa yonse, udali ndi anthu ochepera pang'ono miliyoni imodzi mwa anthu 17.5 miliyoni. Chaka chino olembetsa kuvota ndi pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo amayi ndiwo ochuluka. Tikati tijambule munthu amene amasankha pulezidenti wa Malawi, ndi mayi wa khasu, wa mwana kumbuyo, ngati amene ndawapeza kutsogolo kwa mzere m'mawa uja. Tili ochepa kale ife a m'tauni, ndiye tikamatsalanso kunyumba n'kumanyoza amene ayenda wapansi mbandakucha, sizikumveka.

Sindikukana kuti nkhani ya zigawo ilipo. Idayamba kuoneka pa referendamu ya pa 14 June 1993, pamene kumpoto ndi kumwera adavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndipo ambiri m'chigawo chapakati adakhalabe ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi cha MCP. Chaka chotsatira, pa 17 May 1994, mapu adadzilemba okha: a Bakili Muluzi adatenga kumwera n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100, a Kamuzu Banda adatenga pakati, a Chakufwa Chihana adasesa kumpoto. Kuyambira pamenepo takhala tikuyankhula ngati Dowa ndi Kasungu ndi katundu wa MCP, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe ndi za DPP, Mangochi ndi Machinga ndi za UDF, ndipo kumpoto ndi kongokopedwa nthawi ya kampeni. Andale amakonda zimenezi chifukwa zimawapeputsira ntchito. Safunika kufotokoza za chuma, amangoti ndine mwana wanu.

Koma ndimakumbukira 2009. Nthawi imeneyo ndinali kumudzi, ndipo nkhokwe zidadzaza chifukwa cha makuponi a feteleza. A Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo, adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100. Kumpoto adawavotera mwaunyinji, ndipo ngakhale m'chigawo chapakati, kwawo kwa a John Tembo amene amapikisana nawo, adapezako mavoti ambiri. Amene adaphwanya mapu aja chaka chimenecho anali anthu a kumudzi omwewa, amene timati amangoona kwawo kwa munthu. Wina akawapatsa chifukwa chogwirika, amasintha. Akapanda kupatsidwa chilichonse, amabwerera kwa amene akumudziwa, ndipo ife a m'tauni timachita chimodzimodzi, kungoti timachibisa ndi mawu okoma. Ndaona maofesi momwe anthu ophunzira amayamba afunsa kwanu n'kuti asanakuuze maganizo awo.

China chimene anthu amanena n'choti tauni ndi mudzi zimakokana pa chimanga: wa m'tauni amafuna chitsike chifukwa amagula, mlimi amafuna chikwere chifukwa amagulitsa. Zili ndi choonadi chake, koma cha miyezi yochepa. Mlimi wamng'ono amagulitsa kwa mavenda mu May ndi June, mtengo uli pansi, chifukwa akufuna fizi ya mwana ndi kubweza ngongole. Pofika January ali pa ganyu m'munda wa wina, kugula chimanga chomwecho ndi mbale pamtengo wokwera, monga mmene mayi wa ku Mgona amagulira walkman ya ufa madzulo aliwonse. Njala ya ku Area 25 ndi ya ku Nsaru ndi imodzi, imangosiyana mwezi wofikira. Ndipo abale athu a kumwera adawonjezera pamenepo namondwe wa Freddy mu March 2023 ndi ng'amba ya 2024. Bambo wa mapulanga uja anatiuza pamzere kuti kwawo ku Mulanje kuli mabanja amene mpaka pano sadabwerere pamalo awo akale. Munthu wotero akavota mosiyana ndi ine, sindinganene kuti n'chifukwa cha mtundu wake basi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kutopa. Mu 1999 anthu oposa 90 pa 100 aliwonse olembetsa adavota. Mu 2019 adali pafupifupi 74. Khoti lisanathetse chisankho cha pulezidenti cha chaka chimenecho pa 3 February 2020, chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex aja, m'mizinda ndi momwe mudali phokoso lalikulu, ndipo ziwonetsero zambiri zidachitikira m'misewu ya Lilongwe yomweyi. Koma pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020 ovota adatsika kufika pafupifupi 65 pa 100. Achinyamata ambiri amene adadzuka nthawi imeneyo amatsatira a Saulos Chilima, ndipo chiwamwalirireni pangozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, ena mwa iwo adangotaya mtima. Mwana wa alandilodi uja ndi mmodzi wa iwo. Ndinayesa kuyankhula naye madzulo ano, osati momukalipira. Anandimvetsera, koma anati ntchito alibe chimalizireni sukulu, ndipo voti sinamusinthirepo kanthu. Ndinalibe yankho lokwanira, ndinangomuuza kuti amene adzapambane adzawerenga komwe mavoti achokera, ndipo komwe sikunachokere kanthu sadzakuganizira.

Malo ovotera amayenera kutseka 4 koloko chaka chino, osati 6 ngati kale, choncho nditaphika ndinapitanso pasukulu paja kukaona kuwerenga. Anthu anali ataunjikana pamawindo a kalasi. Mkati, wowerenga amakweza pepala limodzilimodzi m'mwamba kuti mamonita aone pomwe pachongedwa, ndipo pakapezeka lokayikitsa amakambirana kaye asanaliike pambali. Kunja kutayamba kuda anayatsa nyali. Mamonita a zipani zotsutsana anakhala pa benchi imodzi, ndipo ndinaona wina akubwereketsa mnzake cholembera. Sindinadikire mpaka pamapeto, popeza mawa ntchito.

Bungwe loyendetsa zisankho la MEC lili ndi masiku 8 oti lilengeze zotsatira za pulezidenti, ndipo wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Pa anthu 17, n'zotheka kuti wina asafikepo, tikavotenso kachiwiri. Ndawafotokozera zimenezi aneba anga a ku Ntcheu aja pamene timatsuka mbale panja, ndipo anaima kaye n'kufunsa ngati dzina lawo likhala likadalipo. Ndinati likhalapo. Tagwirizana ndi amayi ena awiri a pa poloti pano kuti zikatero tisonkherana ya thiransipoti, anyamuke kutatsala tsiku limodzi.