Miyezi 8 pansi pa Mustang ya 1966

Semesita yatha dzulo ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaphunzira ndisanayambe kuiwala, makamaka za galimoto imene yandidyera Loweruka lililonse kuyambira September. Masana ndimakhala ku ntchito, madzulo ku koleji kuno ku Indiana, ku America, komwe ndikuphunzira umakaniko, koma kunena zoona theka la zomwe ndikudziwa pano ndazitola m'galaja ya madala ena oyandikana nafe. Anandipeza tsiku lina ndikusintha mabuleki a ka Corolla kanga panja, anaima kaye kundionerera, kenako n'kundifunsa ngati ndingakonde kumawathandiza. Iwowo manja anayamba kunjenjemera koma maso ndi makutu zikadali zakuthwa. Galimoto yawo ndi Ford Mustang ya 1966, inakhala zaka itafunditsidwa lona, matayala ataphwa, makoswe atamanga chisa mu eya kilina.

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo umakaniko ndinayamba kuukonda poonerera azibambo okonza maminibasi pansi pa mtengo, anthu oti akangomva injini ikulira amakuuziratu kuti chavuta ndi chakuti, ndipo nthawi zambiri amalondola. Ndimawalemekeza mpaka pano. Koma zomwe ndinazolowera ndi za Toyota ndi Nissan, masilinda anayi, sipanala 10, 12, 14 basi ntchito yatheka. Tsiku loyamba pa Mustang ndinaika sipanala 13 pa bawuti, ikumveka ngati yakwana koma ikusewera pang'ono, madala anandigwira dzanja ndisanakoke n'kundipatsa ya 1/2. Galimoto yonseyi ndi ya mainchi. Hafu inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye 13 imalowa koma imadya makona a bawuti, pomwe pa 9/16 sipanala 14 sikulowa n'komwe.

Chachiwiri anandiphunzitsa kuwerenga nambala ya galimoto. Yawoyi imayamba 6F07C. 6 ndi chaka, 1966. F ndi fakitale ya Ford ya mumzinda wa Dearborn. 07 ndi bodi ya denga lolimba. C ndi injini, V8 (ya masilinda 8) ya 289 yokhala ndi kabuleta ya mabowo awiri, mahosipawa 200. Ikanakhala K bwenzi ili ija ya mahosipawa 271 yomwe anthu amailimbirana. 289 ameneyo ndi makyubiki inchi, kwathu tikanati malita 4.7. Mustang inatuluka koyamba mu April 1964 ndipo pansi pake ndi Ford Falcon, galimoto wamba yotchipa ya banja, anangoiveka bodi yokongola. Zimenezi ndinazimva ngati mbiri chabe poyamba, ndinadzazimvetsa bwino titafika pa masipuling'i.

Injini tinaitsitsa mu October. Kumasula n'kosavuta, aliyense akhoza, chomwe chinandisintha ine ndi kuyeza. Ku koleji tinali titaphunzira maikuromita, chida choyezera timiyeso tating'ono kwambiri, koma pa zitsulo zoyera za m'kalasi, pano ndinali ndi silinda yeniyeni yomwe pamwamba pake panali kamzere koti chikhadabo chimakodwa, pomwe maringi ankalekezera zaka zonsezi. Buloko inapita ku mashini shopu, anaiboola kuwonjezera 0.030 ya inchi, tinagula mapisitoni a saizi imeneyo. Itabwerera madala sanalole kuti tingomanga pokhulupirira kuti a shopu achita bwino. Ringi iliyonse ndinailowetsa mu silinda yake, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza kampata ka pakamwa pake ndi filagegi, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Ziwiri zinali zothina, ndinazipala pang'ono pang'ono. Ringi ikatentha imatalika, ikasowa malo nsonga zake zimagundana ndipo imatha kuswa pisitoni.

Koma chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi plastigage. Ndi kaulusi kobiriwira kangati phula, umadula kachidutswa n'kukagoneka pa kilankishafuti pouma popanda oyilo, kuika beyaring'i ndi kapu yake, kumanga ndi toki renchi mpaka pa nambala ya m'buku, osazunguza kanthu, kenako kumasulanso. Kaulusi kaja umakapeza kataphwatalala, ndiye umayerekeza kufutukuka kwake ndi timizere ta pa pepala lomwe kanabweramo. Yathu inaonetsa pafupifupi 0.002 ya inchi, mpata wochepa kuposa tsitsi la m'mutu, ndipo m'kampata kameneko ndi momwe oyilo amakhala kuti chitsulo chisakhudze chitsulo chinzake. Ndinakhala kaye chete nditagwira ka pepalako, chifukwa injini zambiri zomwe ndinaziona zikugogoda patangotha miyezi iwiri chichitireni ovaholo, ndikukhulupirira kuti nkhani yake inali pamenepa. Sikuti amakaniko ake sankadziwa ntchito ayi, koma palibe khutu kapena chala chomwe chingamve 0.002.

Tsopano chachikulu chomwe ndatola chaka chino. Ine ndinkaganiza kuti kubwezeretsa galimoto yakale ndi kutsegula buku la fakitale n'kutsatira nambala iliyonse mpaka kumapeto. Bukulo tili nalo, lamafuta m'makona, ndipo silinama, koma linalembedwera petulo wa 1966, oyilo wa 1966 ndi matayala a 1966. Zitatu zonsezi kulibenso.

Petulo wa nthawi imeneyo anali ndi mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza pomwe vavu ya ekizozi imakhala ikatsekeka. Kuno anauletseratu pa magalimoto a pamsewu mu 1996. Ndiye masilinda hedi athu anawaika mipando ya mavavu yolimba ku shopu kuja. Komanso petulo wambiri kuno ali ndi ethanol 10 peresenti, yemwe amadya labala wakale wa mapaipi ndi wa mu kabuleta, amakokanso chinyezi galimoto ikangokhala. Pamenepa ndinawadabwitsako madala nditawauza kuti kwathu petulo wosakaniza ndi ethanol tinayamba kale mu 1982, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Tinasintha mapaipi onse a labala, thanki inali ndi dzimbiri tinagula yatsopano. Thanki ya galimoto imeneyi ndiyonso pansi pa buti, ukatsegula buti n'kuchotsa kapeti ukuponda thanki, zinandiopsa nditaona koyamba.

Oyilo ndiye nkhani yomwe inatsala pang'ono kutiwonongera ntchito yonse. Kamushafuti ya 289 imakhuzana ndi ma lifter, tizitsulo tomwe imakankha kuti mavavu atseguke, ndipo ake ndi apansi pafulati, chitsulo pa chitsulo, mosiyana ndi injini zatsopano zomwe zili ndi timawilo. Oyilo wakale anali ndi zinc wambiri woteteza pamenepo, wamakono anamuchepetsa chifukwa mankhwala amenewo amawononga catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi choyeretsa utsi. Ndiye kamu yatsopano umaipaka mafuta ake apadera, kuthira oyilo wa zinc wambiri, ndipo injini ikangolira koyamba suisiya pa aidolo, umaikweza pakati pa 2000 ndi 2500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30, chifukwa kamu imadalira oyilo wowazidwa ndi kilankishafuti. Ukachedwa kuiliza, kumangopukusa sitata, mafuta aja amapukutika ndipo kamu ikhoza kudyeka tsiku lomwelo.

Tsiku loliza linali mu February, kunja kuli chipale, chitseko cha galaja chotsegula chifukwa cha utsi. Mawaya a mapulagi ndinaika ine, ndipo ndinatsatira buku bwinobwino pa dongosolo la mmene masilinda amalandirira moto, 1-5-4-2-6-3-7-8, kuzungulira mobwerera kumanzere pa disitiribyuta. Madala anapotokola kiyi. Inagwira koma ikunjenjemera moti fenda imachita kugwedezeka, kenako phuu! lawi la moto kutulukira pa kabuleta. Anazimitsa pompo. Mtima wanga unali m'malere chifukwa ndinkadziwa kuti sekondi iliyonse ikudya kamu. Iwo sanakalipe, anangoti, mwana wanga, tatenga kakhadi kanabwera ndi kamu kaja uwerenge mokweza. Ndinawerenga: 1-3-7-2-6-5-4-8. Kamu yomwe tinagula, yokokerako mphamvu pang'ono kuposa ya fakitale, inasemedwa motsatira dongosolo la injini ina ya Ford, ya 351, ndipo kakhadiko ndinali nditakaona miyezi iwiri m'mbuyomo osakalabadira poti ndinali ndi buku. Kusiyana kwake ndi mawaya anayi okha, 5 asinthane ndi 3, 4 asinthane ndi 7. Masilinda anayiwo ankalandira moto nthawi yomwe mavavu ali otsegula, n'chifukwa chake lawi lija. Ndinasintha manja akunjenjemera, anapotokolanso, ndipo inalira mosalala, kulira kwa V8 kuja kokhuthala komvekera m'chifuwa. Mphindi 25 ndinaima pambali maso ali pa geji ya oyilo ndi ya kutentha. Titadula fyuluta pambuyo pake munalibe tizitsulo, kamu inapulumuka.

Chimodzinso cha mtundu womwewu chomwe aphunzitsi anatichenjeza m'kalasi, fulaiwilo ya 289 ndi ya 302 ya m'ma 1980 zimamangika pamalo amodzi koma kulemera kwa balansi n'kosiyana, yakale ndi maaunsi 28, yatsopano 50. Ukasokoneza injini imanjenjemera mpaka kudya mabeyaring'i. Yathu tinaiyang'ana kawiri.

Za m'munsi tinayamba mu March. Apa mpomwe Falcon ija inaonekera. Kumbuyo ndi masipuling'i amasamba ngati a pikapu, anali atagona moti galimoto imaoneka ngati yanyamula matumba a simenti, tinangosintha ndi mabushi ake. Kutsogolo sipuling'i yozungulira imakhala pamwamba pa mkono wa m'mwamba, mkati mwa nsanja ya shoko. Kuichotsa ndi ntchito yomwe ndimaiopa kuposa ina iliyonse, sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola nsagwada, ndiye madala ankandiuza kuti ndiime chammbali nthawi zonse ndipo ndikaitulutsa ndiinyamule ngati dzira, nsonga zake zisaloze munthu.

Kenako tinachita chomwe amati Shelby drop, ena amati Arning drop potengera Klaus Arning, injiniya wa Ford amene anachiganiza, ndipo Carroll Shelby, wopanga magalimoto othamanga, anachigwiritsa ntchito pa Mustang yake ya GT350 ya 1965. Umaboola mabowo awiri atsopano mbali iliyonse, inchi imodzi m'munsi mwa akale, n'kutsitsira pamenepo mkono wa m'mwamba. Basi. Poyamba sindinkamvetsa kuti inchi imodzi ingasinthe chani, mpaka aphunzitsi atandijambulira pa bolodi. Mmene fakitale inapangira, galimoto ikapendekeka pa kona tayala lakunja limagwera kunja kumtunda kwake, ndiye limayenda ndi m'mphepete mokha, galimoto n'kumafuna kupitirira kutsogolo iwe utakhota kale. Ukatsitsa mkono uja tayala limaweramira mkati sipuling'i ikapanikizika, mphira yonse n'kukhala pansi. Ndinaboola ndekha, nditamanga kachitsulo kolondolera pa mabowo akale, kuyamba ndi kabowo kakang'ono. Kuboola galimoto ya eni yomwe yakhala zaka zoposa 50 ili bwinobwino si zinthu zopepuka mumtima, ndinayeza katatu.

Pamenepa ine ndi madala tinasiyanako maganizo. Ine ndimafuna mabushi a polyurethane, pulasitiki wolimba kuposa labala, paliponse poti ndi olimba ndipo sachedwa kuoneka kusintha. Iwo anavomera pa sway bar, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka kwambiri pa kona, koma anakaniratu pa strut rod, chitsulo chomwe chimagwira mkono wa m'munsi kuti usapite kutsogolo kapena kumbuyo, akuti chimafunika kupindika pang'ono ndi labala, ukachiuma kwambiri chimatopa n'kuthyoka. Nditaona mmene chimayendera tikukweza ndi kutsitsa ndi jeki ndinagonja. Anandiletsanso kumanga bawuti ya bushi ya m'munsi galimoto ili m'mwamba, umadikira itsike ilemere pa matayala ake, apo ayi labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Ichi ndakhala ndikulakwitsa pa magalimoto angapo m'mbuyomu, Corolla yanga yomwe, ndipo ndabwerera kale kukakonza.

Alayinimenti ndi pomwe buku linatsaliranso m'mbuyo. Manambala ake ndi a matayala akale a mtundu wa bias-ply, ndipo caster, kupendekera chakumbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo, ndi yochepa kwambiri kuti chiwongolero chipepuke poti mulibe pawa sitiyaring'i. Pa matayala amakono a radial omwe taika, ndi manambala amenewo galimoto imayendayenda pamsewu ngati ikusaka njira. Tinawonjezera caster n'kuika camber yolowa mkati pang'ono, kutanthauza tayala loweramira mkati kumtunda kwake. Pa 1966 zimenezi umachita ndi timashimu, tizitsulo topyapyala tomwe umalowetsa kuseri kwa mkono wa m'mwamba, kuika kamodzi, kutsitsa, kukankha galimoto kutsogolo ndi kumbuyo, kuyeza, kukwezanso. Linatha tsiku lonse. Chiwongolero chalemerako poimika koma pamsewu chimabwerera chokha pakati ukatuluka pa kona.

Sabata yatha anandipatsa kiyi kuti ndiyendetse ndekha kuzungulira kuno, iwo atakhala pambali dzanja lili pa dashibodi akumvetsera. Pa kona ya pafupi ndi tchalitchi sinagone ngati kale. Koma nditaponda buleki pa sitopu ndinamva kuti ntchito ikadalipo, madiramu mawilo onse anayi, ndipo master cylinder yake, pampu yokankha mafuta a buleki, ndi ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse apita nthawi imodzi. Ford inayamba kuika ya zipinda ziwiri pa Mustang ya 1967. Yathu ya zipinda ziwiri yafika kale ili m'katoni pa benchi pamodzi ndi madisiki akutsogolo, ndipo Loweruka lino ndiphunzira kupinda mapaipi a buleki ndi kupanga double flare, kamlomo kopinda kawiri ka kunsonga kwa paipi, madala andiuza ndibwere ndi paipi yowonjezera yoyeserera.