Lachinayi la phapo limodzi

Sabata ino tinachita maopaleshoni asanu a mtima ndi mitsempha pachipatala chimene ndimagwirapo ntchito yogonetsa odwala kuno ku Johannesburg. Anayi sanavute, ndipo odwalawo anachoka pamakina opumira tsiku lomwelo. Chandisowetsa tulo ndi cha Lachinayi.

Anatibweretsera bambo wa zaka 61 amene mtsempha wake waukulu wochoka mumtima, wotchedwa aorta, unatupa m'chifuwa, kuseri kwa phapo lakumanzere. Kuti dokotala wa opaleshoni afikepo, phapo limenelo timaliphwetsa, ndipo munthu amapumira lakumanja lokha. Popeza chotupacho chinkapanikiza njira ya mpweya yakumanzere, ndinalowetsa kukhosi chubu cha njira ziwiri (chopereka mpweya ku phapo lililonse palokha) cha mbali yakumanja, chimene anzanga akudziwa kuti chikangosuntha pang'ono chimatseka khomo la chigawo chapamwamba cha phapo lakumanja.

Titawagoneka chammbali n'kuphwetsa phapo lija, okosijeni wa m'magazi anatsika kuchoka pa 97 peresenti kufika pa 83. Nditaitanitsa bronchoscope, chipangizo choonera m'kati mwa njira za mpweya, asisitala anangondiyang'ana osayankha, chifukwa tonse tinkadziwa kuti yathu inawonongeka mwezi watha ndipo pepala lopempha kuti ikonzedwe likadali patebulo la akuluakulu. Ya ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, inali kotsukidwa. Ndinapempha adokotala kuti ayambe aima, ndinafufumitsanso phapo lakumanzere pofinya thumba la mpweya ndi dzanja, kenako ndinabweza chubu pang'onopang'ono, stethoscope ili pansi pa fupa la phewa, mpaka ndinamva mpweya ukulowa kumtunda. Malaya anga anali atanyowa ndi thukuta m'chipinda chozizira chija. Zoti ndinakhoza pongomvetsera sizindinyaditsa, chifukwa phapo lokhalo la munthu si loyeserapo mwayi.

Opaleshoni yonse ndinkapereka mpweya wochepa ndi PEEP ya 5 (mphamvu ya mpweya wotsala m'mapapo kuti asaphwe munthu akatulutsa mpweya), ndipo pomaliza ndinatsegula mofatsa tizigawo ta mapapo timene tinamatana. Koma nditapita ku ICU m'mawa wa Lachisanu, ndinapeza makina akupopa mpweya wa mamililita 650 pa kupuma kulikonse. Namwino waganyu, amene anamusiyira odwala atatu usiku wonse, anawerengera mpweyawo potengera makilogalamu 108 a bamboyo. Kukula kwa mapapo kumatsatira msinkhu, osati mimba, ndipo munthu wa masentimita 165 ngati iyeyu amafunika mamililita pafupifupi 370. Sindinamukalipire, pakuti maso ake anali ofiira kuposa anga.

Bamboyo anachoka pamakina Loweruka masana, akutsokomola mwamphamvu. Lipoti la bronchoscope ndalilembanso, kachitatu tsopano, ndipo Lachiwiri likubwerali kuli opaleshoni ina ya aorta.