Bata la pa sikirini linandipusitsa

Sabata yonseyi ndakhala ndikugona mochedwa chifukwa cha NetLogo, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera mmene zinthu zimachitikira. M'menemo muli pulogalamu yoyeserera yotchedwa Rebellion, yomwe Uri Wilensky anaikonza potengera kafukufuku wa Joshua Epstein wa mu 2002 wokhudza kugalukira boma. Pa sikirini pamadzaza tianthu tobiriwira ndi apolisi abuluu. Kamunthu kalikonse kali ndi mavuto ake komanso mantha ake. Kamaona apolisi ndi anzake ogalukira amene ali pafupi, kenako n'kusankha. Kakagalukira boma kamafiira, kakamangidwa kamada.

Pali batani lotsitsira chikhulupiriro cha anthu pa boma. Ndinalitsitsa pang'onopang'ono. Sikirini inangokhala yobiriwira, chifukwa wina akangofiira apolisi ankamutola nthawi yomweyo. Ndinalemba m'kope kuti njira ya apolisi ikugwira ntchito, ndipo pamenepo ndinalakwitsa. Ndende inali ikudzaza, mkwiyo ukukula, anthu atangokhala chete chifukwa choopa. Nditayambiranso n'kulitsitsa pang'ono chabe koma kamodzin'kamodzi, ofiira anabuka ngati moto wa m'tchire nthawi yachilimwe. Apolisi anachepa mphamvu, ndipo amantha aja ataona anzawo achuluka, nawonso analowerera.

Zimenezi zandikumbutsa za chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Zigawenga zinayamba ndi kuukira apolisi ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, zinalowa mu Palma mu Malichi 2021, ndipo asilikali a Rwanda anafika mu Julayi chaka chomwecho. Asilikali ndi mfuti n'zowerengeka, kuziika mu kompyuta sikuvuta. Nanga mnyamata wosowa ntchito amene akuona miyala yamtengo wapatali ya ku Montepuez ikupita kunja, mkwiyo wake mungaupatse nambala yanji? Funso limeneli likundisowetsa mtendere kwambiri.

Ku Vietnam, a America anayamba mu 1967 kuika midzi m'magiredi a chitetezo, kuyambira A mpaka E, n'kumaunjika malipoti mu kompyuta. Mapepala ankaonetsa kuti zinthu zikuyenda, koma mu Januwale 1968, pa chikondwerero cha chaka chatsopano chotchedwa Tet, adani awo anaukira mizinda yambiri nthawi imodzi.

Sindikunyoza zoyesererazi. Kuyesa ndondomeko pa tianthu ta pa kompyuta kuli bwino kusiyana ndi kuiyesa pa mudzi weniweni. Usiku uno ndichepetsa apolisi mmodzimmodzi, chikhulupiriro osachikhudza, ndione pamene anthu ayambire kufiira.