Chimbale cha Queen chomwe ambiri amachilumpha

Anzanga okonda rock yakale, mukamatchula zimbale za gulu la Queen musamasiye cha Flash Gordon cha mu 1980, cha nyimbo za mufilimu ya dzina lomweli. Ena amati ndi phokoso la mufilimu basi. Ine ndikukana, ndipo ndikupempha kuti muchimvere chonse mutakhala pansi.

Filimuyo anaitsogolera ndi Mike Hodges. Ndi nkhani ya katswiri wa mpira wa ku America amene akukapezeka pa dziko lina lotchedwa Mongo, n'kumalimbana ndi Ming, mfumu yankhanza. Anyamata anayi onse a gululi anapekapo nyimbo, ngakhale John Deacon wofatsa uja. Zoimbidwa ndi mawu zilipo ziwiri zokha, "Flash's Theme" ndi "The Hero", zonse za Brian May. Zotsalazo ndi zing'wenyeng'wenye zosakaniza ndi zolankhula za m'filimumo, moti nkhani yonse umaiona ndi makutu.

Chimene chimandigwira mtima ndi kulimba mtima kwawo. M'zaka za m'ma 1970 ankalemba monyadira pa zimbale zawo kuti sanagwiritse ntchito synthesizer, chida choimbira chamagetsi chotulutsa mawu osiyanasiyana. Apa ndiye anaigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa anaona kuti nkhani ya m'mlengalenga ikufuna kamvekedwe kachilendo. Koma gitala sanaitaye ayi! Mverani mmene May akuimbira nyimbo yaukwati ya Wagner, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, pa gitala ija anapanga ndi bambo ake ali mnyamata, kenako ng'oma za Roger Taylor pa "Battle Theme". Thupi limachita tsembwe.

Amene muli nacho cha mbale yakuda ija, ndiuzeni mbali imene mumaikonda kwambiri.