Tsiku limene ndinataya chule wa eni ake mu Mississippi

Ndinafika m'tauni ya Hannibal, m'chigawo cha Missouri ku America, kumayambiriro kwa mwezi wa Julaye, nditaitanidwa ndi mnzanga amene tinkaphunzira limodzi ku St. Louis kuti ndikaone kwawo. Ndi ulendo wa maola awiri pa galimoto kulowera kumpoto, ndipo tauniyo, imene ili ndi anthu pafupifupi 17,000, ili m'mbali mwenimweni mwa mtsinje wa Mississippi, moyang'anana ndi chigawo cha Illinois kutsidya. Ndinapeza ali pa chikondwerero chawo cha pachaka, chimene chimachitika nyengo ya pa 4 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. Ana amapikisana kupaka laimu pa mpanda, akuluakulu amasewera volleyball m'matope ofika m'mawondo, ndipo palinso mpikisano wolumphitsa achule. Za mpanda ndi za achulezo anazitenga m'nkhani za Mark Twain, mlembi amene anakulira m'tauniyi kuyambira mu 1839, ndipo dzina lake mumakumana nalo paliponse mpaka kutopa nalo.

Bambo ake a mnzanga, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse pa fakitale ya simenti kummwera kwa tauni, analibe nazo ntchito za mlembiyo. Iwo nkhani yawo inali mtsinje. Usiku woyamba anandifotokozera kuti tauni inayamba mu 1819, kuti inalemera ndi mitengo imene ankaimanga ngati phaka n'kuiyandamitsa kuchokera ku Wisconsin ndi ku Minnesota kuti idzachekedwe matabwa pano, ndiponso kuti mu 1993 madzi anakwera mpaka kufika pa mlingo wa pafupifupi mamita 10, koma pakati pa tauni panapulumuka chifukwa chipupa chotchinga madzi chinali chitangomalizidwa kumene, pamene nyumba za m'mbali mwa kamtsinje ka Bear Creek zinamira. Pomaliza anandiloza chala n'kunena kuti, "Mwanawe, mtsinje uwu subweza chimene watenga." Ndinavomera mwaulemu monga mlendo, osadziwa kuti mawa lake ndidzakhala mboni.

M'nyumbamo munali mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 8, amene anali ndi chule wamkulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, wobiriwira, wa miyendo yaitali. Anamugwira pa dziwe ndi agogo ake sabata yapitayo, ndipo ankamudyetsa tizilombo ndi kumuphunzitsa kulumpha pa kapinga madzulo aliwonse. M'mawa wa tsiku la mpikisano, banja lonse litapita kukaonerera zionetsero za mumsewu, mwanayo anandipatsa chidebe chake n'kunena kuti, "Amalume, mundisungire, koma chonde musatsegule chivundikiro." Ndinamva kukoma kuti pa anthu onse wasankha ine.

Kunatentha kwambiri tsikulo, kutentha kwa chinyezi kumene kumamatitsa malaya pamsana. Nditasuzumira pa timabowo ta chivundikiro, ndinaona chule ali phee, khosi likungogunda, timadzi ta m'chidebe titafunda ngati tiyi wotsala. Apa ndi pamene chifundo chinandilowa, ndipo ndivomere kuti chifundo cha munthu amene sanafunsidwe n'choopsa. Ndinaganiza zokamusinthira madzi kuti akafike pa mpikisano ali ndi mphamvu. Ndinatuluka pa chipata china cha chipupa chija, chimene amachitseka madzi akakwera, ndinadumpha njanji, n'kutsetsereka pa miyala mpaka m'mphepete mwa madzi, nditavala nsapato zanga zachikopa zimene ndinkazisungira masiku akuluakulu.

Ndinatsegula chivundikiro pang'ono chabe, mpata wongokwana zala ziwiri. Chule uja, amene ndinkamuyesa wolefuka, anandimenya pachibwano, anatera pa mwala, ndipo kuchokera pamenepo analumpha kulumpha kumene sindinakuonepo chibadwire, n'kugwera m'madzi kuti chubwi. Amati chule anadabwa m'madzi muli mwake, koma ameneyu sanadabwe ngakhale pang'ono. Wodabwa ndinali ine, nditagwira chidebe chopanda kanthu, kwinaku chombo chikukankha mabwato aakulu a katundu pakati pa mtsinje ngati palibe chimene chachitika.

Ndinalowa m'madzi kumulondola, ndipo phazi loyamba linamira m'matope mpaka m'bondo. Polizula, linatuluka ndi sokosi yokha. Ndinafufuza ndi manja onse awiri, koma nsapato ndi chule zonse zinali zitapita. Apo ndinayamba kuganiza ngati wakuba, kuti chule ndi chule basi, mwana sangasiyanitse. Nditatembenuza miyala ndi zikuni kwa theka la ola, ndinapeza wina pansi pa thabwa lowola, wofiirira, wamfupi miyendo, wa khungu la tiziphuphu, ndipo sanayese n'komwe kuthawa, zimene zinayenera kundichenjeza.

Ndinafika pabwalo la mpikisano ndikutsimphina, mwendo umodzi wa thalauza uli bii ndi matope. Mwana anatsegula chidebe, anayang'ana m'katimo, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali osaphethira. Anangoti, "Amalume, uyu si wanga." Ndinayankha kuti mwina wasintha mtundu chifukwa cha kutentha, bodza limene mpaka lero limandichititsa manyazi, makamaka poti ndinalinena pamaso pa agogo ake, amene anali atayamba kale kugwedezeka mapewa. Popeza dzina lake linali litalembedwa kale, mwanayo anaumirira kuti apikisanabe, koma analamula kuti wolumphitsa ndikhale ine.

Choncho ndinagwada pakati pa ana, munthu wandevu, ndikuomba m'manja, kumenya pansi ndi kupemerera kumbuyo kwa chule monga ankachitira anzanga. Achule a ena ankauluka. Wanga anayenda masitepe atatu mwaufumu, anatembenuka, n'kudzakhala pa sokosi yanga yonyowa. Woyeza mtunda anabwera ndi tepi yake mosaseka, anayeza ndithu, ndipo anthu anaomba m'manja kuposa mmene anaombera wopambana.

Mwanayo anandikhululukira madzulo, nditamugulira ayisikilimu kawiri ndi kukwera naye masitepe 244 opita ku nsanja ya nyali ya pa Cardiff Hill, kumene anandilozera malo amene ankakhulupirira kuti chule wake wafika. Ndinabwerera ku St. Louis nditavala masilipasi a agogo aja, ndipo potsanzikana anandiuza kuti ndikafika ndikayang'ane kudoko, chifukwa madzi amalowera komweko ndipo nsapato yanga inanyamuka tsiku lathunthu ine ndisananyamuke.