Tinakayesa mawailesi kunyanja: lipoti la ulendo wa komiti yathu ku Msaka

Tinanyamuka pa Chikwawa boma Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Julayi, tilipo anthu 12 a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pagululi panalinso anyamata awiri amene amawerenga mlingo wa madzi kumtsinje. Ine ndine mlembi, n'chifukwa chake ntchito yolemba lipotili yagwera ine. Tinkapita kukacheza ndi asodzi a padoko la Msaka, kufupi ndi Monkey Bay, kuti tikaone momwe anzathuwo amamvera machenjezo a zanyengo ali kutali ndi kwawo. Funso tinali nalo limodzi: tindalama tomwe tasonkha kubanki m'khonde tigulire chiyani, wailesi kapena foni, nanga yamtundu wanji?

Amene sanali kuchigwa kuno mu Januwale 2022 angadabwe kuti nkhani ya wailesi ikutiyendetsa mtunda wonsewo. Namondwe wa Ana atafika, mitsinje ya Shire ndi Mwanza inasefukira, mlatho wa Chapananga unaduka, damu la Kapichira linagumuka ndipo dziko linataya magetsi pafupifupi 130 megawatts. Ife tinathawira pasukulu. M'kalasi momwe ndinagona munali mafoni amakono asanu, koma pofika tsiku lachiwiri onse anali zii, moto watha, potchajira palibe. Nkhani tinkamvera pa kawailesi ka gogo wina, kokutidwa ndi nsanza. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 zinachitika zomwezo. Komanso anthu athu sakhala pakhomo: ena amaoloka Shire pabwato kupita kumadimba, ena ndi a kabaza, ena amakwera mtunda kukagulitsa mbuzi ku Blantyre. Chenjezo likatuluka, ambiri limawapeza panjira.

Choncho tinagwirizana kuti aliyense anyamule chomwe ali nacho, tiziyesa m'njira. Apampando anatenga chiwailesi chawo chakale cha mabatire akuluakulu a Tiger Head. Amayi msungichuma anali ndi kafoni ka mabatani ka Itel. Mmodzi wa anyamata aja anali ndi foni yamakono, mnzake kawailesi kotchaja kolowetsa memory card. Ine ndinanyamula wailesi yopukusa, yokhala ndi kasola pamwamba, yomwe komiti inalandira Freddy atadutsa.

Mayeso oyamba anabwera okha. Titadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera chitunda, wailesi ya apampando inayamba kudukaduka. Pakona iyi mawu mbee, pakona inayo phokoso lokhalokha ngati mvula padenga la malata. Apampando anayamba kuimenyamenya m'mbali.

"Musaimenye, bambo, ilibe mlandu," anatero aphunzitsi opuma pantchito amene tili nawo m'komiti. "FM imayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri likaima pakati, basi."

Titafika pamwamba mawailesi anadzaza paliponse, MBC, Zodiak, Times, ngakhale ena omwe kumudzi sitiwamva. Aphunzitsiwo anatikumbutsanso kuti nyumba imodzi youlutsira mawu imakhala ndi manambala osiyanasiyana malinga ndi dera. Pamene umaipezera Zodiak ku Chikwawa si pamene ukaipezere ku Mangochi. Munthu wokhala pakhomo sazidziwa zimenezi chifukwa muvi wa wailesi yake suchoka malo amodzi chaka chonse. Wapaulendo ayenera kusakanso. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulemba m'kope dera lililonse ndi nambala yomwe tapezapo wailesi iliyonse.

Ku Limbe tinaima kuti tione mitengo m'masitolo, ndipo ndi kumene tikanataya ndalama za gulu. M'sitolo ina wogulitsa anatitulutsira wailesi yokongola, yofiira, yokhala ndi tochi, sola, chopukusira, ndi batani lolembedwa NOAA.

"Iyi ndiye yanu, amayi," anauza amsungichuma. "Mukangodina apa, ikuuzani yokha za namondwe."

Amayiwo anali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje. Aphunzitsi anati tidine kaye timve. Tinadina. Phokoso lokha. Tinatuluka nayo panja, tinakoka eriyo mpaka kumapeto, phokoso lomwelo. Mnyamata wa foni yamakono uja anafufuza pa intaneti n'kutiwerengera: NOAA ndi nthambi ya boma la America, ndipo ili ndi mawailesi akeake oulutsa zanyengo usana ndi usiku pa manambala 7, kuyambira 162.400 mpaka 162.550 MHz. Batanilo linapangidwira anthu a kumeneko. Kuno palibe amene amaulutsa zanyengo pamenepo. Machenjezo athu amachokera ku nthambi yoona zakusintha kwa nyengo ndi zanyengo ku Blantyre, ndipo amatifika kudzera pa mawailesi wamba a FM, omwe amakhala pakati pa 87.5 ndi 108, komanso pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa mauthenga a pafoni. Wailesi yofiirayo FM inali nayo, koma mtengo wake unali wolipiritsa batani losagwira ntchito. Sindikunena kuti wogulitsayo ankafuna kutibera. Ndikuganiza kuti nayenso anangowerenga pakatoni. Amsungichuma anamanganso mfundo yawo n'kunena okha kuti safunsa anadya phula.

Za Zomba ndi Liwonde palibe zambiri, kupatula chimanga chootcha ndi nyimbo zomwe mnyamata wa memory card uja anatiimbira njira yonse. Tisanafike pa Mangochi boma kawailesi kake kanali katazima. Anthu anaseka, koma ine ndinalemba m'kope. Ukagula wailesi yoimba nyimbo n'kuipereka m'manja mwa achinyamata, tsiku la chenjezo udzaipeza yopanda moto.

Tinafika ku Msaka dzuwa litapendeka, mwera ukuomba. Ife a kuchigwa timaudziwa mtsinje, koma nyanja yolusa ambiri tinali tisanaione. Mafunde ankabwera oyera kumutu, akumenya mchenga mosalekeza. Maboti anali atakokeredwa kumtunda, maukonde a chilimira atayanikidwa, mathandala ambiri ali opanda usipa. Akomiti ya padoko anatilandira pansi pa mtengo, ndipo mawa lake m'mawa ndiye tinakhala pansi bwinobwino.

Anatifotokozera kuti mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umavuta kwambiri m'miyezi yozizira ino, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Choopsa chake n'chakuti asodzi a usipa amalowa m'madzi madzulo, kukawedza usiku ndi magetsi okopera nsomba. Mphepo ikadzuka pakati pa usiku imawapeza ali kutali, kumtunda sikukuoneka. N'chifukwa chake kwa iwo chenjezo lofunika ndi lomwe lamveka dzuwa lisanalowe. Apampando awo ali pa gulu la WhatsApp momwe mumagwera machenjezo a anthambi ya zanyengo. Uthenga ukafika, amaubwereza pachimkuzamawu padoko ponse. Ena amamvera pa Dzimwe, wailesi ya m'dera lawo lomwelo, yomwe imanena zinthu m'chilankhulo chomwe aliyense akumva.

Apa mnyamata wathu anaima mokondwa. "Mwamva, bambo? Ndi foni yamakono imeneyo. Tigule foni basi."

Msodzi wina wachikulire, amene anakhala chete nthawi yonseyi akusoka ukonde, anamuyang'ana. "Achimwene, foniyo ndi ya kumtunda. Tiyeni mukaone ya m'madzi."

Anatitengera ku boti lake. Pansi pa thabwa lokhalira panali kachidebe ka pulasitiki kotsekedwa gwa, kamene poyamba munali mafuta ophikira. Anakatsegula. M'katimo munali kawailesi kosaposa chikhatho changa, kokulungidwa m'jumbo, mabatire anayi osatsegula, ndi katochi. Pagalasi la kawailesiko panali timadontho titatu tofiira ta Cutex, utoto wopaka m'zikhadabo. Kadontho kalikonse kanali pa nambala ya wailesi yomwe amamvera, kuti ngakhale mumdima, boti likuvina, asavutike kusaka. M'khosi mwake munali chingwe, kumapeto kwake kafoni ka mabatani komangidwa m'majumbo awiri, mahedifoni atakulungidwa pomwepo.

Anati ukatalikira m'nyanja netiweki ya foni imayamba kuthawa, koma FM imakutsata, chifukwa pamadzi palibe phiri lotchinga. Kafoni kake kali ndi wailesi m'kati, yosafuna mayunitsi kapena bandulo, yosafunanso netiweki. Chofunika ndi mahedifoni okha, poti chingwe chake ndiye eriyo. Amsungichuma anatulutsa kafoni kawo, anabwereka mahedifoniwo, ndipo nkhope yawo inasintha. Akhala nako zaka zitatu osadziwa kuti akuyenda ndi wailesi m'chitenje.

Mkuluyo anatiuzanso china chomwe sindinachimvepo. Nthawi ya dzinja amatembenuzira wailesi ku MW, mzere wina wa manambala a pawailesi wosiyana ndi FM, osati kuti amve pulogalamu, koma kuti amve kuthetheka. Mphenzi ikang'anima kutali, MW imachita tche! tche! ngakhale bingu lisanamveke. Kuthethekako kukamachuluka ndiye kuti chimvula chikuyandikira. Aphunzitsi anavomereza kuti n'zoona, MW imatola mphenzi pomwe FM siitola kwenikweni. Ife a kuchigwa zimenezi zingatithandize pang'ono chabe, chifukwa madzi otimiza nthawi zambiri amakhala a mvula yomwe yagwa kumtunda, kwathu kuli ng'aa. Komabe zinatipatsa chifukwa chosankhira wailesi yokhala ndi MW.

Ndisabise, si zonse zomwe tinaona zinali zosangalatsa. Madzulo a tsiku lomwelo chimkuzamawu chinalengeza kuti mwera upitirira, koma maboti awiri analowabe. Nditafunsa, mayi wina wogula usipa anandiyankha mosabisa kuti nyanja ikavuta masiku angapo nsomba zimakwera mtengo, ndiye mwini boti amakakamiza, pomwe iye mwini amagona kumtunda. Anyamata olowa m'madziwo chenjezo analimva bwinobwino. Sindinawaweruze, poti nafenso timawadziwa anthu amene amakana kusamuka m'dimba madzi akubwera chifukwa chimanga chatsala pang'ono kucha. Mabotiwo anabwerako m'mawa, limodzi lili ndi madzi ofika m'mawondo.

Usiku umenewo tinayesa wailesi yopukusa ija pamalo pomwe tinagona. Tinaisiya padzuwa masana onse, koma sinaimbe nthawi yaitali. Kasola kake n'kakang'ono kwambiri, ndipo batire la m'kati linatopa kale. Kupukusa kumathandiza ndithu: ukapukusa kwa mphindi imodzi umamvera kwa mphindi zingapo, zokwanira kumva zanyengo ngati wadziwa nthawi yake. Koma mkono umalema, ndipo chopukusiracho ndi cha pulasitiki, chayamba kale kugwedera. Taganizaninso za masiku a Freddy, pomwe dzuwa silinaoneke masiku angapo otsatizana. Sola wotere akanatithandiza chiyani? Vuto lalikulu n'lakuti wailesi yathuyi ilibe polowetsa mabatire wamba. Batire la m'kati likafa, pagolosale ya kumudzi sungapeze lina. Chiwailesi cha apampando, chomwe anyamata ankachiseka ponyamuka, chinaimba ulendo wonse pa mabatire omwewo.

Foni yamakono sitikuinyoza. Ndi imene inatipulumutsa ku Limbe, ndiponso ndi imene imaonetsa mapu a njira ya namondwe. Anamondwe amene amatipweteka amachokera kunyanja ya mchere ya India n'kulowera ku Mozambique: Idai anatulukira ku Beira mu 2019, Freddy anatulukira kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Zikatero pamakhala masiku angapo oti munthu wa foni aone, auze anzake, anthu akonzeke. Imeneyo ndi ntchito ya foni, namondwe asanafike. Akafika, magetsi azima, nsanja za netiweki zazima, ntchito imatsalira wailesi.

Pobwerera tinakangana kuyambira pa Monkey Bay mpaka pa Liwonde. Anyamata ankafunabe foni yatsopano ya komiti. Amsungichuma anawafunsa kuti bandulo azigula ndani mwezi ndi mwezi, nanga foniyo izigona kwa yani. Panalibe yankho. Aphunzitsi anati mafoni amakono alipo kale awiri m'komiti, chosowa ndi power bank imodzi, kabatire kotchajira foni magetsi akazima, yoti izikhala yodzaza nthawi ya dzinja. Pamapeto pake tinamanga mfundo izi: tigula mawailesi atatu ang'onoang'ono a FM ndi MW, oyendera mabatire opezeka pagolosale, opanda polowetsa memory card. Aliyense wa kafoni ka mabatani tim'gulira mahedifoni, makamaka a kabaza ndi oolotsa anthu pa Shire. Mabatire osungira azikhala kwa amsungichuma, kunja kwa wailesi, chifukwa akakhalitsa m'kati amatuluka madzi n'kudya tizitsulo. Manambala omwe ndinalemba m'kope tiwakopera pa timapepala, timata kumbuyo kwa wailesi iliyonse.

Ku Limbe tinalowa sitolo ina. Wailesi iliyonse tinaiyesa panja tisanalipire, ndipo imodzi tinaibweza chifukwa muvi wake unkalumpha manambala. Amsungichuma anagulanso kabotolo ka Cutex ndi ndalama zawo, ndipo zidebe zitatu zokhala ndi zivindikiro tapempha kwa mayi wogulitsa mandasi pamsika wathu.

Wailesi yoyamba ipita kwa anyamata a kumlingo wa madzi. Yachiwiri izikhala padoko pomwe anthu amaolokera kupita kumadimba. Yachitatu ndiye yatsala osagwirizana: a kabaza akuifuna pa siteji yawo, amayi opita kumsika wa ku Blantyre akuti iziyenda nawo. Amfumu ati nkhaniyi tikaikambe Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo aliyense wa kafoni ka mabatani abwere nako kuti tim'sonyeze pomwe pali wailesi.