Nyanja ili pafupi, koma si moto wonse umamva madzi

Sabata yathayi ndinali m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay. Ntchito yanga ndi kuyendera malo ogona alendo, kuona ngati zozimitsira moto zili bwino, ndi kuphunzitsa antchito. Mu Okutobala muno dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, ndipo udzu wa pamadenga wauma gwa.

Lolemba linatha ndi kuwerenga mageji a pa zozimitsira moto basi. Chozimitsira china ndinachipeza chikugwira ntchito yoletsa chitseko kutsekeka.

Lachiwiri ndiye kunali nkhani. Ndinafunsa wophika wina wachikulire: "Bambo, mafuta atayaka m'chiwayamu mungatani?"

"Madzi, achimwene. Nyanja si iyi?"

Sindinawatsutse. Tinapita pamchenga, kutali ndi nyumba, ndinatenthetsa mafuta pang'ono m'kachitini mpaka anayaka okha. Ndinamangirira kapu ya madzi kunsonga ya nsungwi yaitali n'kuthira. Moto unangoti phuu, kupitirira msinkhu wa munthu, onse n'kubwerera m'mbuyo. Madzi amamira pansi pa mafuta n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo lita imodzi imatulutsa nthunzi yokwana malita pafupifupi 1,700. Nthunziyo ndi imene imamwaza mafuta oyakawo. Kachiwiri ndinangovindikira, moto n'kufa wokha. Moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi mpweya wa okisijeni. Mukaumana chimodzi, watha.

Lachitatu ku Monkey Bay ndinapeza zigubu za petulo wa injini za maboti mosungira katundu, pafupi ndi mbaula. Petulo amayandama pamadzi, ndiye mukathira madzi moto umayenderera nawo. Choopsa kwambiri ndi mpweya wake, umene umalemera kuposa mpweya wamba, n'kumakwawa pansi kukapeza khala la moto. Gasi wa m'silinda amachitanso chimodzimodzi. Apa tinabwereza mitundu ya moto: A ndi nkhuni, mapepala ndi nsalu, kumene madzi amathandizadi, B ndi petulo, dizilo ndi palafini, C ndi gasi, F ndi mafuta ophikira. Zikakhala zamagetsi, yambani mwathimitsa pa switchi yaikulu. Anthu zilembozi amaiwala, ndiye ine ndimalimbikira mtundu wa chizindikiro cha pa chozimitsira: chabuluu ndiye kuti muli ufa, chakuda muli mpweya wozimitsa moto wa CO2.

Lachisanu ndinacheza ndi alonda ausiku, amene kunena zoona ndi amene amayamba kuuona moto. Ndinawafotokozera kuti m'chipinda moto umayamba waung'ono, utsi wotentha n'kumaunjikana kudenga. Kutentha kwake kukafika cha m'ma 600°C, matiresi, makatani ndi mipando zimayaka nthawi imodzi, ndipo pamenepo chozimitsira cha m'manja sichingathenso kanthu. Chitseko chotentha musatsegule, mungaupatse mpweya.

Pobwerera ndinadzera kukhitchini kuja. Wophika uja anali atapachika chivindikiro chachikulu pamsomali, pambali pa chiwaya, ndipo ndowa ya madzi anali ataisunthira kunja.